Kugwa Limodzi ndi a Kuramochi

Chaka chilichonse mu Febuluwale kampani yathu yogulitsa mapaipi imatseka ofesi n'kukwera basi kupita ku phiri la Myoko kukatsetsereka pa chipale chofewa cha nyengo yachisanu. Ine ndinakulira konko, m'tsinde mwa phiri, ndipo matabwa otsetserekera ndinayamba kuwavala kumapazi ndisanayambe sukulu. Mapaipi ndimawapirira miyezi ina yonse chifukwa cha ulendo umenewu.

Chaka chimenecho tinali ndi bwana watsopano, a Kuramochi, bambo wa imvi wosaseka ngakhale pojambulitsa. Tsiku lawo loyamba anatiuza kuti kwawo ndi ku Akita, dera la chipale chambiri, ndipo Ebihara wa ku malonda, amene pakamwa pake sipauma, anati ndiye kuti pa chipale ndi akatakwe. A Kuramochi sanakane. Anakhala osakana mpaka nthawi yokanira inawapitirira.

Titafika pa hotela, anzanga ali kalikiliki kubwereka nsapato, a Kuramochi anandiitanira kuseri kwa makina ogulitsa zakumwa. Maso ali pa zitini za khofi, anandiuza kuti ku Akita anachokako ali kumsana ndipo chibadwire sanapondepo pa matabwa. Vuto ndi lakuti pa kampani pathu palibe amene amatsika phiri bwana asanatsike. Tikanakwera nawo pamwamba, tonse tikanaima pomwepo n'kumawaweramira mpaka kuuma nacho chisanu.

“Horiuchi, mundipezere mphunzitsi,” anatero. “Koma asadziwe munthu.”

Ndinapita ku sukulu ya paphiripo. Aphunzitsi ophunzitsa munthu payekha anali atatengedwa onse. M'kalasi ya ana malo analipo, koma ophunzira amavala kamalaya kachikasu kokhala ndi nkhope ya chimbalangondo. Inatsala kalasi ya akuluakulu oyamba kumene, yomwe imaphunzirira pansi penipeni pa chingwe cha mipando yokwezera anthu kuphiri. Kampani yonse ikanamadutsa pamwamba pa mitu yathu kufikira madzulo.

Nzeru inachokera kwa eni ake, ndipo inali nzeru ya chibwana ndithu. Anasonkhanitsa anthu onse n'kulengeza kuti Horiuchi wayamba kuopa mapiri, ndipo mkulu wa ntchito sasiya munthu wake yekha pa mavuto. Iwo aperekeza Horiuchi m'kalasi, enawo atsogole. Ebihara, amene chaka chatha ndinamudutsa ngati waima, anapukusa mutu mwachisoni n'kundiuza kuti mantha alibe mwini. Palibe anafunsa funso. Ine ndinawerama n'kupepesa chifukwa chovutitsa gulu.

Mphunzitsi wathu anali mayi Tsukada, wamfupi, wankhope yopsa ndi dzuwa. Anati phunziro loyamba ndi kugwa. A Kuramochi analikhoza mayiwo asanamalize kulifotokoza. Ine ndinazindikira pomwepo ntchito yanga: iwo akagwa, ndigwe msanga, ndiponso ndigwe moipa kuposa iwo, kuti oona ali m'mwamba aziti bwana agwada kuti andidzutse. Kugwa dala n'kovuta kuposa kutsetsereka. Thupi limakana, miyendo imadzikonza yokha, umachita kuinyengerera.

Mayi Tsukada anabwera kudzandidzutsa kamodzi, n'kundinong'oneza akundisasa chipale pamsana.

“Achemwali, munthu wosadziwa sagwa mwaukhondo chonchi. Muziponyako ndodo zoyedzamirazi.”

Ndinayamba kuponya ndodo. M'mwambamo anzanga ankadutsa awiriawiri, miyendo ili lendelende, akundiuza kuti ndilimbe mtima. Dzuwa linali litawala, ndipo pamwamba pa phiri panali chipale chatsopano chimene chimagwa mwina kamodzi pa chaka, chopepuka ngati ufa wosefa. Ndinachiona ndili chagada, ndipo mtima unandiwawa zenizeni.

Chakumasana a Kuramochi anaphunzira kulozetsa nsonga za matabwa pamodzi. Anatsika kamtunda ka oyamba kumene, matako ali m'mbuyo, manja ali tambalale, akudzilankhulira okha, ndipo anafika pansi ali chiimire. Anatembenuka kuyang'ana kumene achokera, mpweya uli phuuphuu. Ndinasangalala nawo, zomwe zinandikwiyitsa. Kenako ndinakumbukira kuti anthu akuona, ndipo ndinadzigwetsa pambali pawo.

Pa chakudya chamadzulo tinakhala pa mphasa m'mizere iwiri, aliyense ndi kathebulo kake, bwana kumutu. Chiuno changa chinali chitatupa. Anthu ankabwera mmodzimmodzi kudzandipepesa, ena n'kundilangiza za kapindidwe ka mawondo. Nsomba zisanathe, a Kuramochi anadzuka pamalo pawo, anatenga botolo la mowa wa sake n'kuyenda mzere wonse mpaka pamene ndinakhala ine. Anthu onse anatembenuka kuwayang'ana, chifukwa kwathu wamng'ono ndiye amapita kukathirira wamkulu. Anagwada patsogolo panga. Anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerere pa kampani. Ndinaona kuti akuthokoza ndi mtima wonse.

“Horiuchi wayesetsa lero,” anauza gulu, “koma akadali kutali. Ndapangana kale ndi mayi Tsukada. Chaka chamawa ndidzamuperekezanso.”

Anthu anawomba m'manja. Ndinatukula kapu ndi manja awiri, iwo n'kuthira mpaka kudzaza.

“Zikomo bwana,” ndinatero. “Mundipirire.”