Mtolo wa Makiyi a Bambo

Ndinafika ndi basi ya m'mawa, chikwama chimodzi paphewa. Achemwali anali atandiimbira foni. "Bwera, nkhani ya galimoto ya bambo tiimalize."

Bambo ndinawapeza ali m'galimotomo, pabwalo. Chitseko chotsegula, mwendo umodzi panja. Anapotokola kiyi. Zii. Anapotokolanso. Timagetsi ta pa dashibodi tinaphethira n'kuzima.

"Waonatu," anandinong'oneza achemwali pakhonde. "Batire tinagula latsopano. Sitata amakaniko anaiona, ilibe vuto. Vuto ndi eni ake. Manja akunjenjemera, mutu wayamba kutaya. Dzana inawazimira pakati pa msewu. Tiwalande makiyi asanapweteke munthu."

Bambo anamva. Sanacheuke. Galimotoyo ndiyo miyendo yawo: kuchipatala, kumsika, kumanda a amayi. Kuwalanda n'kuwakhazika pampando mpaka kalekale.

"Ndipatseni lero lokha," ndinatero.

Tinaikankha ine ndi alamu, amuna a achemwali, bambo ali pachiwongolero. Inalira titafika pageti, ife malilime ali panja.

Galaja inali kuseri kwa depoti ya mabasi. Denga la malata, pansi pakuda bii ndi oilo. Makaniko wake anali mayi wamfupi, ovolosi atamanga m'chiuno. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta manja. Kenako analowa m'galimoto, n'kupotokola kiyi. Zii.

Anayang'ana pansi pa chiwongolero, n'kuseka.

"Madala, kodi mumalondera ndende?"

Pa kiyi wa galimoto pankalendewera mtolo wa makiyi wodzaza dzanja. Mayiyo anaunyamula ndi dzanja lamanzere, lamanja n'kupotokola. Injini inalira nthawi yomweyo. Anausiya mtolowo, n'kuukankha pang'ono ndi chala. Unagwedezeka. Injini inatsokomola, n'kuzima.

"Swichi yatha," anatero. "M'katimu muli tizitsulo timene timayenera kukhudzana kuti moto udutse. Katundu uyu amakoka kiyi pansi. Bampu iliyonse, dzenje lililonse, akukoka. Tizitsuloto taperepeseka. Manja anu alibe mlandu, madala."

Bambo anayang'ana manja awo. Anawabisa m'thumba la jekete.

"Nanga onsewa amatsegula chiyani?" anafunsa mayiyo.

Bambo anayamba kuwatchula. Uyu wa nyumba imene tinabadwiramo, anaigwetsa kalekale. Uyu wa kabati ya kuntchito. Kenako mawu anatsika. Uyu wa makina osokera. Uyu wa sutikesi. Uyu wa kabati ya mbale.

Ndinawazindikira. Anali a amayi. Atamwalira, bambo anatenga mtolo wawo n'kuulumikiza ku wawo. Sanauze munthu. Ifenso sitinaone.

Mayiyo sanasekenso. Anachotsa waya wa batire. Anamasula chivundikiro cha pulasitiki pansi pa chiwongolero, n'kugona chagada, miyendo ili panja. Anatulutsa swichi yakaleyo, yakuda ngati yapsa. Anaikapo ina.

"Polowera kiyi pakadali bwino," anatero ali pansipo. "Kiyi wanu ndi yemweyo. Koma aziyenda yekha. Mukabwezerapo anzakewo, mudzandipezanso pano, ndipo ndidzakukalipirani ngati mwana."

Bambo anayang'ana mtolo uja. Ndinaganiza kuti akana. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize.

"Iwe, leka," anatero bambo.

Analowetsa chikhadabo pa mphete ya makiyi. Chinaterereka. Anayesanso. Kunja mabasi ankaimba mahutala, ine miyendo ikuyabwa kale, koma sindinasunthe. Kiyi wa galimoto anatuluka. Anaoneka wamng'ono, wamaliseche.

Mtolo wotsalawo anaugwira kanthawi, osadziwa kouika. M'thumba sunakwane. Anauika pampando wa kutsogolo, pamene pankakhala amayi.

"Apo ndiye palibe chimene angawononge," anatero mayiyo. "Lizani."

Kamodzi kokha. Injini inalira.

Pobwerera ndinakhala kumbuyo. Bambo sanafunse chifukwa. Pa mabampu makiyi ankalira pampando paja, injini osatekeseka.

Achemwali anali pakhonde pomwe paja, manja m'chiuno. Bambo anaimika galimoto patsogolo pawo. Anazimitsa. Analizanso. Anazimitsa. Analizanso, maso ali pa mwana wawo.

"Tamva, bambo, tamva! Mutha mafuta."

Ndinatsika n'kuwafotokozera. Za swichi, za kulemera, za makiyi a amayi. Achemwali anasuzumira pawindo. Anaona kiyi wa makina osokera, uja ankatumidwa kukatenga ali mtsikana. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

Analowa m'nyumba. Anatuluka ndi jumbo. Anatsegula chitseko cha kutsogolo, ananyamula mtolo uja, anakhala, n'kuuika pamiyendo.

"Ndiperekezeni kumsika. Koma pang'onopang'ono."

"Ndinayamba kuyendetsa iwe usanabadwe," anatero bambo, n'kulowetsa giya.