Trokoli wa M'paketi

Amayi anga sayang'ana wotchi pophika. Trokoli, zingwe za ufa wa tirigu zonga sipageti zomwe amakanda okha, akalowa m'madzi owira, iwo amayamba Tikuoneni Maria, akakwanitsa khumi amatsanulira m'sefa, basi wapsa. Achita choncho Lamlungu lililonse kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo muno m'Manfredonia palibe amene anayesapo kuwauza kuti pali njira ina.

Lamlungu limenelo ndinafika kwawo nthawi itadutsa kale leveni koloko. Fungo la sepya, nsomba zofewa zamiyendomiyendo zija, linandichingamira pamasitepe. Zinali pamoto, zikuwira pang'onopang'ono mu tomato monga mwa nthawi zonse. Koma thabwa lokandirapo ufa linali mbee, ndipo mpini wamizere wodulira trokoli unali chipachikikire pakhoma. Amayi anali khale pampando, manja ali m'beseni la madzi otentha. Nyamakazi inali itatupitsa zala zawo ngati masoseji.

"Amayi, trokoli ali kuti?"

"Ukumuona iweyo?"

"Bwanji osandiimbira m'mawa?"

"Ndikanaimba ndi mphuno?"

Ndinayang'ana wotchi, chifukwa achimwene anga a Saverio anali panjira kuchokera ku Torino. Pa Pasaka adanena tonse tikumva kuti chipinda anakonza kale kwawoko, ndipo tsiku limene Amayi adzalephere kudziphikira okha, adzawatenga. Amayi adayankha kuti m'nyumba muno adzatuluka ali m'bokosi. Kuyambira pamenepo achimwene akamabwera amabwera ngati wofufuza milandu. Amatsegula filiji, amanunkhiza mkaka, amawerenga mapilitsi.

Ndinavula jekete n'kunena kuti ndikanda ndine.

"Iwe? Manja akowo ndi ogwirira foni. Saverio angangoona mbale n'kudziwa."

Zinandiwawa, koma sikuti ananama. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi ndipo ndinakandapo kamodzi kokha, ndili mtsikana. Zomwe ndinapanga tsiku limenelo Amayi anapatsa amphaka a kudoko. Ndinati ndiye ndithamangire kwa a Libera, amene amagulitsa trokoli wamuwisi wokanda m'mawa womwewo.

"Kwa Libera! Misa isanathe tauni yonse ikhala itamva kuti ine Incoronata ndayamba kugula trokoli. Mwamuna wake amamwa khofi ndi anzake a Saverio. Upite kumeneko ine nditafa."

"Ndiye tidya chiyani, Amayi? Msuzi ndi supuni?"

Anayang'ana kuwindo. Kenaka anayankhula motsitsa, ngati akuulula tchimo kwa ansembe.

"Upite kusitolo yaikulu ya kumsewu wa ku Foggia, kumene sakutidziwa. Akuti kuli wouma wa m'paketi, wodulidwa ngati wanga."

Ndinapita, nditavala magalasi akuda ngati wakuba. Sipageti wouma timadya sabata yonse, Lolemba mpaka Loweruka, palibe amachita naye manyazi. Koma Lamlungu, pamodzi ndi sepya, m'nyumba ya Amayi, imeneyo inali nkhani ina. Nditabwerera anandilamula kuti ndiwaze ufa pathabwa, wina pansi, wina pa epuloni yawo. Mpini ndinautsitsa n'kuusiya m'sinki kuti uoneke ngati wagwira ntchito. Paketi anati ndisataye m'bini, ndiike m'chikwama changa. Mayi wa zaka makumi asanu ndi atatu akukonza bodza mwaluso chonchi, ine n'kumangoti inde, inde.

Vuto linayamba pomwe ndinawerenga kuseri kwa paketiyo.

"Amayi, apa alemba mphindi khumi ndi ziwiri."

"Alemba ndani?"

"Amene anapanga."

"Anaphikapo sepya ameneyo?"

"Wouma sapsa msanga ngati wanu ayi, amafuna nthawi. Lolemba lililonse mumaphika sipageti, mumadziwa zimenezi."

"Sipageti ndi sipageti. Uyu ndi trokoli. Trokoli ndi Tikuoneni Maria khumi."

"Uyu afunika makumi anayi, Amayi! Kolona pafupifupi yense!"

"Sipontina, usandiphunzitse kupemphera m'khitchini mwanga."

Ndinawapempha kuti tingomuika pamoto nthawi yomweyo, achimwene asanafike, kuti ndimuyang'anire ndekha. Anakana. Kwathu kuno trokoli salowa m'madzi mlendo asanaimbe belu, chifukwa munthu ndiye amadikira chakudya. Tinakhala choncho, madzi akuwira, ine ndikuwira nawo.

Belu litalira Amayi anakhuthulira trokoli mumphika n'kunditumiza kuti ndikathandize achimwene katundu. Ndinawachonderera pakhomo kuti asakhudze mphikawo mpaka nditabwera. Anangondikupiza ndi dzanja, milomo itayamba kale Tikuoneni Maria.

Pansi ndinapeza achimwene atabwerera m'galimoto yawo yaikulu, akulimbana nayo m'kamsewu kathu kopanikiza. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Ndinaganiza zowachedwetsa kuti asaone zakumwamba, kenaka ndinazindikira kuti wofunika kumuchedwetsa anali pamwamba pomwepo, yekha, ndi sefa. Ndinalanda zikwama ziwiri n'kukwera masitepe chothamanga, bondo likulira.

Ndinapeza zonse zitatha. Madzi anali atapita kale m'sinki. Sindikudziwa kuti mphika wolemera chonchija anaunyamula bwanji ndi manja amenewo. Trokoli anali m'mbale zitatu patebulo, msuzi wofiira pamwamba, nsonga zake zitaima chilili ngati tsache.

"Amayi, tibwezere pamoto, ngakhale mumsuzi momwemo, mphindi zochepa chabe."

"Chakudya chikafika patebulo sichibwerera. Khala pansi."

Achimwene analowa, anapsompsona Amayi masaya onse, maso akuyendayenda. Anaona ufa pansi, anaona mpini m'sinki. Anaonanso manja a Amayi asanawabise pansi pa tebulo. Ine ndinaona kuti aona.

Muyenera kuwadziwa achimwene anga. Chibadwire sanadyepo mbale ya Amayi osadandaula. Mchere wachepa. Mchere wachuluka. Tomato wa chaka chino ndi wowawasa. Tsiku lina ali mnyamata anabweza mbale chifukwa adyo anadulidwa mokula. Amayi amawakalipira, iwo amayankha, phokoso mpaka aneba kutseka mawindo, ndipo Amayi amachoka patebulo nkhope ili ngwee. Umu ndi momwe awiriwa amakonderana. Ine amene ndimadya mwakachetechete n'kuthokoza sindinawerengedwepo.

Ndinaika foloko yoyamba m'kamwa. Kunja kunali kofewa pang'ono, m'kati gwa, ngati ndikutafuna machesi. M'chipinda monse munkangomveka khutchu, khutchu. Sepya zinali zokoma kuposa masiku onse, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa.

Ndinadikira kuti achimwene aphulike. Ndinali nditakonza kale zonena: kuti ndine ndinathira msanga, ndine ndinalakwitsa, Amayi alibe mlandu. Achimwene anatafuna nthawi yaitali, anameza, anamwera vinyo.

"Amayi, koma ndiye mwaphikatu," anatero. "Ngati kale."

Amayi anakweza mutu.

"Wati chiyani?"

"Ndati wakoma. Ku Torino simungamupeze wotere."

"Mchere?"

"Uli bwinobwino."

"Sanalimbe?"

"Ayi, ndi momwe ndimamukondera."

Anamaliza mbale yonse, thukuta lili kamukamu pamphumi, anapukuta msuzi ndi buledi, n'kupempha wina. Anatambasula mbale akumwetulira kumwetulira kuja kumene anamwino amamwetulira akamamwetsa wodwala phala. Ndinafuna kuwaponda phazi pansi pa tebulo. Munthu wadandaula zaka makumi asanu ndi limodzi pa chakudya chabwino, lero wapeza choyenera kudandaula, ndiye wasankha ulemu!

Amayi sanawaonjezere. Anatenga foloko yawo kwa nthawi yoyamba, anaigwira ndi chibakera ngati mwana, analawa. Anatafuna kawiri n'kulavulira m'kansalu mwaulemu. Achimwene anayamba kukamba za msewu, za mtengo wa mafuta, za mvula ya kumpoto, mawu akuthamanga okha. Palibe amene ankawamvera.

Titadya zipatso achimwene anatsika kukasuta. Ine ndinayamba kuchotsa mbale mokalipa, ndikuziombanitsa dala.

"Mwaona? Ndinakuuzani, makumi anayi. Koma zatha bwino, sanadziwe. Ulendo wina ndidzaphika ndine, inu mudzangokhala."

"Wadziwa."

"Akanadziwa akanalankhula. Mumawadziwa pakamwa pawo."

"N'chifukwa chake ndikuti wadziwa. Bambo ako atagonekedwa kuchipatala, dokotala atatiitanira pakhonde, ndinawaphikira msuzi wa nsomba. Anandiuza kuti ulibe mchere, ine ndinati pepani. Mchere unalimo. Kodi unandimvapo ndikupepesa kwa bambo ako?"

Ndinaima ndi mbale m'manja. Mkwiyo wonse wa tsikulo unandithera, ndinangotsala ndi chisoni, ndipo chinali cholemera kuposa mkwiyowo.

"Amayi, angokumverani chifundo basi."

"Eya. Mwana wanga wadya mbale ya misomali n'kupempha ina. Waganiza kale, akungosowa poyambira." Anayesa kumasula epuloni, zala zinakana. Anatembenuka kundipatsa msana kuti ndiwamasule. "Usamulole kuti ayambe ndiye, angalire pamaso panga. Pamwamba pa kabati yanga pali sutikesi ya bulauni. Tenga mpando ukaitsitse asanakwere."