Mutu wa Sitima ya a Fanuel

A Fanuel Kachingwe anamwalira Lachiwiri pa 11 Juni 2024, m'chipatala ku Rustenburg. Anabwera ku Joni mu 1979 pa Theba, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, ndipo anzawo atabwerera kumudzi mu 1988, iwo anatsalira pamgodi, n'kumakhala ku Chaneng. Mwana wawo Tinenenji anamusiyira mawu awiri okha: "Usandikwirire ku Chaneng kuno. Ndikagone ku Ntcheu."

Zopereka za Amalawi anzawo zinakwanira bokosi ndi mapepala, koma galimoto ayi. A kumochale anati Lachisanu akufuna yankho: ulendo wa ku Malawi, kapena manda a konkuno.

M'nyumbamo chogulitsika chinali chimodzi, sitima yachidole yachitsulo ya mabogi asanu ndi njanji zake. Mkazi wa kapitawo wachizungu anapatsa a Fanuel mu 1991 posamuka, n'kuwauza kuti inapangidwa ku Jeremani nkhondo yachiwiri isanayambe.

Lachinayi m'mawa Tinenenji ananyamula katoni kupita ku Waterfall East, m'tauni ya Rustenburg, kwa Che Osmani, munthu wa ku Mangochi amene amagula zakale m'nyumba za azungu n'kumagulitsa kwa ozikonda a ku Johannesburg.

"Pepani ndi maliro, achemwali," anatero Che Osmani. "Tiyeni tione."

Atatsegula katoni, fungo la penti linadzaza galaja yonse. Mabogi onse asanu anali achikasu, onyezimira.

"Wapaka ndani?"

"Amalume a Benard. Mnzawo wa bambo wa pansi pa mgodi."

"Penti yanji imeneyi?"

"Ija amapaka ngolo za mumgodi. Anali nayo m'chitini."

Dzulo lake a Benard anakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse ndi bulashi ya waya. Ankati chitsulo chadzimbiri sachionetsa bwana, ndipo zaka zonse anagwira pansi palibe woyendera anawapezapo ndi dzimbiri. Tinenenji anawathokoza, anawapangiranso tiyi.

Che Osmani anayeza njanji ndi tepi, natembenuza bogi limodzi, nakanda pansi pake ndi chikhadabo.

"Ndi yeniyeni, ya m'ma 1930. Koma ogula izi safuna chitsulo, achemwali. Amafuna penti ya kufakitale, ndi zokandika zake, ndi dzimbiri lake lomwe. Dzana mabogi awa akanakufikitsani pa Beitbridge. Lero kaya ndi takisi ya ku Ledig pafupi pompa."

Tinenenji anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga mutu wake uli kuti?" anafunsa Che Osmani.

"Watsala kunyumba. Amalume anati sunathe, aumaliza lero."

Che Osmani anaika bogi lija pansi. "Kiyi wopukusira alipo? Umayenda?"

"Bambo ankaupukusa Khirisimasi iliyonse."

"Mutuwo ndiye ndalama. Imbani. Imbani pompano!"

Foni inaitana mpaka kudula yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi. Tinenenji anadziwa chifukwa chake. A Benard akamayamba ntchito iliyonse, ngakhale kukonza mpopi, amasiya foni ndi machesi m'dilowa monga ankachitira pageti la mgodi, ndipo sazikhudza mpaka atanena okha kuti chaile, ntchito yatha. Amayi amene anali m'nyumba ya maliro nawo sanayankhe. Inali nthawi ya nyimbo.

Ananyamula njanji zija, nakwera kagalimoto ka Che Osmani. Atangotuluka m'tauni, chilole chonyamula miyala ya pamgodi chinawatsekera kutsogolo, ndipo kumanja kunkabwera zinzake motsatizana. Tinenenji ankangoimba. Ankaona m'maganizo manja a mkulu uja, manja osadziwa kupuma, omwe anapala mabogi asanu tsiku limodzi.

"Amayamba ndi kupala kapena kupaka?" anafunsa Che Osmani.

"Kupala."

"Hmm."

Kenako anafika ku Chaneng.

M'nyumba amayi a mvano ankaimba chapansipansi. Tinenenji sanalowe kukapereka moni. Anazungulira kuseri akuthamanga, chitenje chili m'manja. A Benard anali pa kireti, atavala ovolosi yawo yakale, mutu wa sitima uli pakati pa mawondo, sandipepa ali kudzanja. Chitini cha penti chinali chotsegula pambali pawo.

"Amalume, siyani!"

"Sindinathe, mwanawe. Kwatsala mbali imodzi." Anayang'ana Che Osmani kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Bwana wake ndi ameneyu? Mwafulumira bwanji? Woyendera amayamba wauza anthu."

"Madala," anatero Che Osmani, "ikani pansi pang'onopang'ono, ngati dzira."

"Iwe Mchawa, chitsulo ndachigwira usanabadwe."

"N'zoona, madala. Ikani pansi basi."

Mbali ya kumanzere inali itayera mbee, chitsulo chokhachokha. Ya kumanja inali monga Tinenenji ankaidziwira kuyambira ali mwana: yakuda, ya mizere yofiira, yokandika pamene chala cha a Fanuel chinkagwira popukusa. Chizindikiro cha fakitale chinali chikadalipo kutsogolo, sandipepa atangochinyambita m'mphepete.

"Ogula amafuna penti yakaleyo, amalume," anatero Tinenenji. "Ndi dzimbiri lomwe."

A Benard anayang'ana chitini, kenako manja awo. "Ndiye mabogi aja?"

Mkuluyo anavundikira chitini, nakanikiza chivundikiro ndi chidendene, nakhalanso pa kireti.

Che Osmani analumikiza njanji pakhonde, napukusa kiyi. Mutu uja unanjenjemera, kenako unanyamuka, n'kuzungulira katatu, uku ukuonetsa mbali yakuda, uku yoyera. M'nyumba nyimbo inaima, amayi awiri anasuzumira pawindo.

Che Osmani atatulutsa foni kuti ajambule, Tinenenji anawanong'oneza: "Jambulani mbali yabwinoyi yokha."

"Akabwera kudzaona, titaya ndi wogula yemwe." Anajambula mbali zonse ziwiri, ndi pansi, ndi kiyi.

"Ndiye mtengo wake ndi wotani, Che Osmani?"

"Ukanakhala wonse, ndikanati konzani zikwama. Wotere sindinagulitsepo, ndipo sindikunamizani. Pali mzungu mmodzi ku Johannesburg amene angafune makina a m'katimo ndi mbali yotsalayi. Mtengo autchula yekha. Ukhoza kukwanira galimoto, ukhoza osakwanira."

Zithunzi zinapita Lachinayi masana, ndipo foni ya Che Osmani inasonyeza kuti munthuyo waziona. Madzulo a Benard anabwera ndi jekete la a Fanuel la kutchalitchi atalisita, nalipachika kuseri kwa chitseko.

Lachisanu pa 14 Juni m'mawa, a kumochale anaimba. Tinenenji anaiyang'ana foniyo mpaka inasiya kulira. Mutu wa sitima unali patebulo, mbali yakuda itayang'ana kukhomo. Wa ku Johannesburg anali asanayankhe.