Kampope Kabuluu

"Anamupopera komaliza ndani?" anafunsa a Tcheya, atanyamula kampope kabuluu ka mankhwala a mphumu ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

Maliro anali atatha, ndipo banja linali m'chipinda cha malemu kusankhula zovala. A Tcheya anali akulu awo a malemuwo. Komiti imene ankaitsogolera inatha kalekale, koma dzina linakana kuwachoka.

"Ndine, bambo aakulu," anayankha mwana wachisamba wa malemu, maso ali pa malaya amene ankapinda.

"Kangati?"

"Sindinawerenge. Amabanika, galimoto imachedwa."

"Ndiye manja anayamba kunjenjemera, eti? Mtima n'kumathamanga?"

"Eya."

"Basitu. Ine ndakhala ndikunena. Timipope iti timatsegula chifuwa n'kutseka mtima. Munthu wa mphumu amafunika madzi ofunda ndi kulimba mtima. Koma ana a masiku ano, popopo, ngati mukupha udzudzu."

Wachisambayo anasiya kupinda. Chimwalirireni bambo ake, tulo tinkamuzemba. Adokotala anali atamufotokozera bwinobwino kuti mankhwalawo amamasula timinofu tofinya njira za mpweya, kungoti sadziwa kugogoda khomo limodzi: podutsa amadzutsanso mtima ndi zala. Chimene chinawatenga bambo ake chinali chibayo, chomwe chinapeza mapapo otopa kale. Koma adokotala analankhula kamodzi, motsitsa mawu. A Tcheya ankalankhula tsiku lililonse, ndipo ankamveka mpaka kumsewu.

Mayi a wachisambayo anali pa bedi, akuphatikiza masokosi.

A Tcheya anaponya kampope pa pilo, nasomphoka kukoka chikhothi chakale chomwe chinali pamwamba pa wadiropu. Anati chinali cha bambo awo, choncho chiyenera kubwerera kwa wamkulu. Chikhothicho chinatsika ndi fumbi la zaka zambiri.

Anatsokomola, napitiriza nkhani. Koma mawu anayamba kufupika. Chiganizo chimene masiku onse chimazungulira nyumba yonse tsopano chinkathera pakhomo. Kenaka m'chifuwa mwawo munayamba kulira likhweru.

"Alamu, khalani pansi," anatero mayi aja.

"Ndi fumbi... chabe."

"Thumba lamkati, alamu. Musatichititse maliro awiri, mipando tabweza kale kwa eni ake."

A Tcheya anayang'ana chitseko, nayang'ana zenera. Kunalibe komiti yoti iwapulumutse. Anapisa dzanja m'jekete natulutsa kampope kena kabuluu. Pa kapepala komatidwa pambali panali dzina la mng'ono wawo.

Anakakhutchumula mwaluso la munthu wozolowera, anatulutsa mpweya wonse, napopera akukokera m'kati pang'onopang'ono. Atatero anatseka pakamwa kusunga mpweyawo. M'banjamo munalibe amene ankakumbukira kuwaona a Tcheya ali chete nthawi yaitali chonchi. Anabwerezanso. Likhweru lija linayamba kuzilala, mapewa n'kutsika.

Ndipo manja awo, ali pa maondo, anayamba kunjenjemera.

Wachisambayo anawayang'anitsitsa manjawo.

"Mtima ukuthamanga, bambo aakulu?"

"Pang'ono."

"Tiitane abusa?"

"Usandiseke, mwana iwe. Zimatero. Zimatha zokha."

Wachisambayo anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira, kulira kumene kunamukanika kumanda. Anabisa nkhope m'malaya a bambo ake. Palibe anamutonthoza, mayi ake anadikira kuti amalize.

"Bambo ako ankapita kuchipatala kukanena kuti kampope kawatayika, chonsecho apatsa alamuwa," anatero mayiwo pomaliza. "Anamwino ankawakalipira, ati madala osasamala. Iwo n'kumangoti pepani, pepani. Nanga munthu ngati a Tcheya angaime pamzere wa odwala chifuwa? Anthu aziti chiyani?"

A Tcheya anabweza kampope kaja m'jekete.

Mayi aja anadzuka, nasuzumira kuseri kwa chitseko. Anatulutsa kampando kopinda, nsalu yake yoperepeseka pakati. Anakapukuta ndi chikhatho, nakaika pa maondo a alamu awo.

"Mzere wa kuchipatala umatalika, mulawire. Komatu mwini wake sankakhalapo. Ankakayala n'kuyang'ana amene wabanika kwambiri."

A Tcheya anakagwira ndi manja onse awiri.