Mapu a Bambo Analibe Chitunda

Lachisanu masana abwana athu a kochapira zovala za chipatala anandiitanira kukaofesi kawo kodzaza ndi nsalu zopindapinda. Ife timawatcha Amakiyi, chifukwa makiyi awo amamveka iwo asanaoneke. Sanandiuze n'komwe kuti ndikhale pansi.

"Mwezi uno wachedwa kanayi," anatero. "Lolemba ukafika seveni koloko itakwana, usavutike n'kuvala yunifolomu."

Ndimakwera mabasi awiri, ndipo basi yachiwiriyo imabwera ikafuna. Ntchito imeneyi ndiyo imadyetsa ine, ana anga awiri ndi bambo anga. Pofika kunyumba ndinali nditamanga kale mfundo: njinga ya malemu amuna anga, imene tinkangoyanikapo matawulo pakhonde, iyamba ntchito. Chovuta chinali njira. Mzindawu ndimaudziwira pawindo la basi, kawirikawiri ndili kuwodzera.

Loweruka ndinakhalira kuyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira. Kuofesi ya mzinda mlonda anati ndibwere Lolemba. Lolemba! Kulaibulale mayi wina anandipatsa mapu opinda, a mizere yobiriwira yosonyeza njira za njinga, koma anasindikizidwa msika watsopano ukadali bwalo la mpira. Foni nayo inandiuza mosakayika kuti mphindi makumi anayi zikwana, kwinaku ikundiwolotsa mtsinje pamlatho umene anautseka chaka chatha.

Ndinakankha njinga ija kupita kwa Sipoko, wokonza njinga wa kuseri kwa msika, kuti aipope ndi kuthira mafuta. Ali mkati mogwira ntchito ndinamudandaulira zonse. Iye sanadzutse mutu, anangoloza khoma ndi sipanala.

Pakhomapo panali mapu aakulu, akuda ndi zala za girizi, olembedwalembedwa ndi bolopeni za mitundumitundu.

"Aliyense amene wagwa kapena watulukira njira amadzalemba pamenepo, mayi," anatero Sipoko. "Inu mudzere kuseri kwa mafakitale, mutsate ngalande mpaka kuchipatala. N'kozungulira, koma n'kwafulati."

Ndinatsata njirayo ndi chala. Pamalo amodzi okha inkadutsa msewu waukulu wa mabasi, ndipo pamenepo wina anazunguliza ndi inki yofiira n'kulemba kuti: "Apa tsika, pemphera." Ndinajambula mapuwo ndi foni.

Bambo anayendetsa basi mumzinda uno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atamva kuti ndakafunsa njira kwa wokonza njinga, anakhumudwa ngati ndakapempha mchere kwa aneba uli tho m'nyumba.

"Iwe, mapu ali m'mutu muno!" anatero akudzigogoda pachipumi. Anang'amba tsamba la kalendala n'kujambula kuseri kwake mzere umodzi wowongoka, wokhala ndi timadontho. "Masiteji khumi ndi imodzi basi. Njira yosalala ngati tebulo. Zozungulira m'ngalandezo n'za anthu osaudziwa mzinda."

Usiku wonse mapu awiriwo ankakangana m'mutu mwanga. Lamulungu m'mamawa ndinaganiza zoyesa mapu a bambo, poti njira yake inali yaifupi, komanso poti ndi bambo anga.

Mpaka siteji yachisanu ndi chiwiri zonse zinali bwino. Kenako msewu unayamba kukwera, osaleka. Miyendo inasanduka phala. Ndinatsika n'kumakankha, mabasi akundipemerera utsi ndi kundiimbira hutala ngati ndawabera kanthu. Pofika pageti la chipatala panali patatha ola ndi mphindi makumi awiri. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mkwiyo komanso mantha, chifukwa Lolemba linali mawa lake.

"Bambo, bwanji simunandiuze za chitunda chija?"

"Chitunda chiti?" Anadabwa zenizeni. "Aaa, paja? Paja n'pongosintha giya, mwanawe."

"Giya wake ndi miyendo yangayi! Njinga ndi iyo, kayeseni nokha."

Ndinkangolankhula ndi mkwiyo, koma iwo anapinda miyendo ya buluku, nakwera, ulendo. Ndinatsuka mbale zotsuka kale. Ndinasesa pakhonde kawiri. Kumsewu ndinatulukira kangati kaya, ndikudzitukwana chamumtima kuti ndatuma nkhalamba kukafera pamsewu. Patatha maola awiri anatulukira akukankha njinga, malaya atamatirira kumsana. Anakhala pasitepe, namwa madzi makapu awiri asanalankhule.

"Paja ndi pamene ndinkawaimbira hutala anthu a njinga," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lililonse. Ndinkati ndi ulesi."

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndinawamvera chisoni. Anapempha kuona mapu a Sipoko. Chala chawo chinayenda kuseri kwa mafakitale, chinatsata ngalande, n'kuima pa inki yofiira ija.

"Apa palibe dalaivala amene amaima," anatero. "Inenso sindinkaima."

Lolemba ndinadzuka faifi koloko. Chitseko cha bambo chinali chotsegula, iwo mulibe, ndipo jekete yawo yakale ya kuntchito inali itachoka pamsomali. Ndinalibe nthawi yowafunafuna. Ndinadzutsa ana, ndinamanga chikwama pakaliyala, n'kuyamba kupalasa, maso ali pawotchi kuposa panjira.

Sipoko sananame, kunalidi kwafulati. Koma nditayandikira msewu waukulu ndinagwira mabuleki. Mabasi anali atatsatana ngati nyerere, ndipo anthu a njinga asanu ndi mmodzi anali chiimire m'mphepete, phazi limodzi pansi. Wotchi inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti seveni ikwane.

Ndipamene ndinawaona. Bambo ankalowa pakati pa msewu, atavala jekete ija imene siimanganso mabatani pamimba, dzanja lili m'mwamba. Basi yoyamba inalira mabuleki. Dalaivala anatulutsa mutu pawindo kuti atukwane, koma m'malo mwake anaseka.

"Madala! Mwabwereranso pantchito?"

"Ima pomwepo, iwe! Anakuphunzitsa kugwira chiwongolero ndani?"

Tinawoloka tonse asanu ndi awiri. Ndinafuna kuima, koma bambo sanandiyang'ane n'komwe. Anangokuwa kuti, "Palasa, mwanawe, ukuyang'ana chiyani!"

Ndinalowa kochapira kutatsala mphindi zinayi. Amakiyi anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana thukuta langa, napitirira makiyi awo akulira.

Madzulo ndinadzera kwa Sipoko kuti ndikamuthokoze. Asanandiyankhe n'komwe moni, analozanso khoma ndi sipanala. Pansi pa "Apa tsika, pemphera" panali mawu atsopano, m'zilembo zikuluzikulu zopendekeka zimene ndimazidziwa kuyambira ndili mwana: "Hafu sikisi mpaka seveni, ndilipo."