Nsalu ya Wozimitsa Dzuwa

Ntim analakwira malume ake, a Amoateng, m'nyengo ya fumbi, chaka chimene mayi Afrakoma, akazi a malumewo, anamwalira. Anafika kunyumba kwawo ku Suame ndi nkhope yaulemu, nabwereka nsalu yofiira ya maliro imene nkhalambayo inafunda poika mkazi wake. Anati abweza sabata isanathe. Anatenganso chophimba kumaso chowotcherera zitsulo, chija a Amoateng anagwira nacho ntchito mpaka maso anachita chifunga. Chimenecho sanapemphe n'komwe.

Mvula inagwa, inaleka, fumbi linabweranso. Nsalu osabwera.

Tsopano mlamu wawo, mlongo wake wa Afrakoma, anali atamwalira, ndipo maliro anali Loweruka. Mkamwini sapita ku maliro otero atavala malaya ngati munthu wodutsa. Amakhala kutsogolo, nsalu yofiira ili paphewa lamanzere. Yobwereka sikanathandiza. Abale a Afrakoma ankaidziwa nsalu ija, poti anaigula ndi Afrakoma yemwe.

Atamva kuti Lachinayi masana Ntim aonetsa filimu imene anajambula, kwa Maame Kyerewaa, kumene amakaniko amadyera nsima ya chinangwa yotchedwa fufu, a Amoateng anapita. Anakhala pa benchi ya kumbuyo, osaitanitsa kanthu.

Pa kanema, chimunthu chachitali chinatuluka m'chombo cha m'mlengalenga, chomwe aliyense anaona kuti ndi thanki ya madzi yopaka penti. Dzina lake ati Wozimitsa Dzuwa. Kumaso chinavala chophimba chija, mng'alu wa pagalasi umene a Amoateng ankaudziwa bwino uli pomwe paja. Nsalu yofiira anali ataiboola pakati kuti mutu ulowe, m'mphepete ataidula ngati mano a sowo, n'kusokererapo zitsekerero za mabotolo.

"Aaa, ayi!" anatero Sarpong, makaniko wa malole, akunyambita supu pachala. "Munthu wochokera ku nyenyezi wavala nsalu ya maliro ya kwathu kuno? Anaigula kuti, ku msika wa Kejetia?"

"Umafuna avale chiyani, ovolosi yako yonunkha dizilo?" anayankha Maame Kyerewaa ali kuseri kwa miphika.

"Avale chitsulo! Nsalu kumwambako ikodwa mu injini. Komanso taonani kavalidwe kake, ngati mwana amene akumetedwa. Ngakhale wamisala amadziwa kuti nsalu imakhala paphewa."

Ntim anaima pambali pa kanemayo, magalasi akuda ali pamphumi. "Luso lake ndi lomwelo, achimwene. Munthuyo ali pa maliro osatha."

"Maliro a ndani?"

"Khalani chete mumve."

Chimunthu chija chinakweza dzanja n'kulankhula ndi mawu a m'mgolo. "Nditaika mkazi wanga, dzuwa linatuluka m'mawa mwake ngati palibe chachitika. Anthu anatsegula mashopu. Ndilizimitsa, kuti nawonso adziwe."

A Amoateng anawadziwa mawuwo. Ndi iwo eni amene anawalankhula, pakhonde, tsiku lotsatira maliro, kwa munthu mmodzi yekha amene anawabweretsera madzi akumwa. Munthuyo ndi uyu anaima apayu ndi magalasi pamphumi.

Sarpong anaseka mpaka kutsamwa. "Chifukwa cha mkazi? Dzuwa lonseli, mkazi mmodzi? Ku nyenyeziko akazi anatha?"

"Iwe ukadzafa, wako sadzazimitsa ndi kandulo yomwe," anatero Maame Kyerewaa. Amakaniko anamenya matebulo.

"Ayi mayi, tinene zoona. Akanati anamulanda malo, ndikanamvetsa. Malo, eya, munthu angawotche dziko. Koma izi n'zabodza. Palibe mwamuna amaganiza choncho." Sarpong anatembenuka, nawaona. "Bambo Amoateng, inu ndinu akulu, munaikapo mkazi. Tiweruzeni. Zingatheke zimenezi?"

Onse anacheuka. Ntim anatsitsira magalasi kumaso.

A Amoateng anafufuza mkwiyo mumtima mwawo monga mmene munthu amapisira m'thumba, koma sanapezemo kanthu. Pa kanema nsalu inkauluzika ndi mphepo, ndipo pakona pake panaoneka chigamba chaching'ono chimene Afrakoma anasoka pamene khoswe anailuma.

"Ndi filimu basi," anatero.

"Mwamva?" anakuwa Sarpong. "Ngakhale akulu akana!"

Filimu itatha, amakaniko anabwerera ku ntchito akukanganabe za injini ndi akazi a ku nyenyezi. A Amoateng anapeza Ntim pakhomo akukulunga mawaya.

"Mphwanga, nsalu ija."

"Malume! Mwaona mmene anthu akukanganira? Ndiye kuti filimu yagwira imeneyi."

"Loweruka tikuika mlamu wanga."

"Ii, pepani. Koma nsaluyo ili ku Obuasi ndi wosewera Wozimitsa Dzuwa uja, tikujambula gawo lachiwiri. Komanso malume, mmene ilili panopa..." Anazunguliza chala pakhosi pake. "Ndidzakugulirani ina filimu ikayenda malonda. Yabwino kuposa ija."

"Ija anandigulira ndi Afrakoma."

"Ndikudziwa, malume. N'chifukwa chake ikuoneka yeniyeni."

Foni ya Ntim inalira. Anakweza dzanja ngati akuti dikirani pang'ono, natuluka akulankhula, ndipo sanabwerere.

Loweruka a Amoateng anavala malaya akuda ndi buluku lakuda. Atafika pabwalo la maliro, mng'ono wake wa Afrakoma anawayang'ana paphewa, kenako pankhope, nawalozera mpando wa kumbuyo pakati pa anthu apamsewu. Alendo anayenda mumzere wakutsogolo kupereka moni kwa ofedwa, kuyambira kumanja mpaka kumanzere. Palibe dzanja linafika kumene anakhala iwo.

Tsidya la msewu, pakhoma la shopu ya matayala, wina anali atamata chithunzi chachikulu cha Wozimitsa Dzuwa, mutu utatulukira pabowo la nsalu yofiira. Ng'oma zinalira mpaka madzulo. Ntim sanabwere ku maliro, ndipo nsalu sanaibweze.