Tiyi Amene Sifu Mok Sanamwe

"Wabwezanso kumbuyo?" Suk-han anakuwa ali kukhitchini. "Bambo ake a mnyamatayo aphedwa kangati lero m'nyumba muno?"

Mwamuna wake, Pang Yiu-fai, maso anali pa filimu ya pa TV. Anangodina batani lobwezera m'mbuyo mwaukali, mutu ukumuwawa. Ntchito yake inali yokamba za mafilimu akale a kung fu pa kawailesi kena ku Mong Kok, mumzinda wa Hong Kong, ndipo omvera ankamukondera kusanyengerera. Koma filimu iyi, imene inaiwalika kalekale n'kungotulutsidwanso kumene, inapangidwa ndi Sifu Mok, aphunzitsi ake a nkhonya. Ali wachinyamata, Yiu-fai anawagwadira n'kuwapatsa tiyi ndi manja awiri, iwo n'kumwa. Kuyambira tsiku limenelo anali mwana wawo, ndipo aliyense amadziwa kuti Sifu akadzakana tiyi wako, ubale wathera pomwepo.

Ndiye filimu yakeyo, abale! Mwana wa wosula mipeni akufuna kubwezera imfa ya bambo ake, koma theka lonse akungotunga madzi ndi kunyonyomala pabwalo mpaka miyendo kunjenjemera. Ndewu zake zazifupi, zouma, mapazi osachoka pansi. Kumapeto kokha ndiye kunali moto: mnyamatayo akuuluka pamwamba pa madenga, mdani akugudubuzika m'malere.

"Ungonena kuti imagonetsa tulo," anatero Suk-han akuika mbale ya mpunga ndi nsomba patebulo.

"Ndinene zimenezo za Sifu? Uli bwinobwino iwe?"

"Ndiye aimbire, uwafunse zimene ankafuna kutanthauza ndi madzi onsewo."

"Sifu safunsidwa. Amanena okha akafuna."

"Eee, chilombo cha pa wailesi chasanduka kamwana ka mphaka!"

Zinamupweteka chifukwa zinali zoona. Lachisanu litakwana anakhala pa maikolofoni, thukuta lili kamukamu. Za madzi ndi kunyonyomala anazilumpha. Anakakamira kumapeto kuja, n'kukuthira mchere ndi tsabola yemwe.

"Mukafuna kudziwa mtima wa Sifu Mok," anauza omvera, "onani mmene mnyamatayu akuulukira. Apa ndiye pali dzanja la katswiri!"

Lamlungu m'mawa ophunzira onse anakumana ndi Sifu kumalo odyera monga mwa masiku onse. Timadengu ta chakudya chotentha tinali titadzaza tebulo, koma palibe amene ankaseka. Yiu-fai ananyamula tipoti n'kuthira m'kapu ya Sifu. Anadikira kuti nkhalambayo igogode tebulo ndi zala ziwiri, kuthokoza. Dzanja lija linangokhala phee.

"Ndinakumvera, Fai," anatero Sifu Mok.

"Ndinayesetsa, Sifu."

"Unayesetsadi. Wati mtima wanga uli pa madenga paja?"

"Ndi pamene anthu angakonde kwambiri, Sifu."

"Paja si panga." Mawu awo anali otsika, koma tebulo lonse linamva. "Mwini ndalama anati filimu yanga ndi yozizira. Anandithamangitsa, n'kubweretsa munthu wina amene anapachika wophunzira wanga pa mawaya ngati malaya ochapa. Mpaka lero sindinaonerepo mathero amenewo. Zanga ndi madzi aja, ndi mapazi ali pansi aja."

Yiu-fai anamva kumaso kukutentha. Anafuna kukuwa kuti, nanga ndikanadziwa bwanji, inu simunena kanthu!

"Ukananena kuti imagonetsa tulo, ndikanaseka," anapitiriza Sifu. "Mayi ako, mkazi wanga, amagonanso ikangoyamba. Koma iwe ndakhala ndikukumenya akakolo ndi ndodo kuyambira ulibe ndevu, kuti chidendene chisadzuke. Unaona munthu akuuluka, n'kunena kuti ndi ine?"

"Ndidzakonza Lachisanu likubwerali, Sifu. Ndidzawauza onse."

"Uwauze chiyani? Kuti mbali ya madziyo waikonda tsopano?"

Yiu-fai anayang'ana pansi. Sanaikonde, ndipo onse awiri ankadziwa.

Tiyi uja anali atasiya kufuka nthunzi. Sifu anakankhira kapuyo pambali ndi kuseri kwa dzanja, n'kutenga ina yopanda kanthu pakati pa tebulo. Yiu-fai anatambasula dzanja msangamsanga kuti agwire tipoti, koma nkhalambayo inali itatembenukira kale kwa wophunzira wina, woyendetsa basi wa imvi amene anakhala kumanzere kwawo.

"Ah Shing, ndithirire."

Ah Shing anathira osakweza maso. Zala ziwiri za Sifu zinagogoda tebulo.